Malemu Amene Anavomereza Kutseka Wodi

Dzina linali pa nambala 58: Jailosi Muheya, wa ku Thuchila. Pambali pake panali siginecha yopotanapotana ngati ya bwana wa kubanki, ndipo pamwamba pa tsambalo panalembedwa tsiku la 15 Meyi.

Enifa analiwerenga kawiri. Jailosi anali mwamuna wake, ndipo anamuika m'manda pa 9 Malichi.

Sanakuwe. Chigundireni lole njinga yamoto imene Jailosi anakwera pamsewu wa Midima, mtima wake unali utachita dzanzi ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali. Ankadya chifukwa mbale yabwera, ankapita kutchalitchi chifukwa belu lalira. Ngakhale tsopano, akuona kuti malemu adzuka kudzasaina pepala, chimene anamva chinali kuzizira kwa simenti kumapazi basi.

"Ingosainani pamapeto apo, mayi sekilitale," anatero Austin, kalaliki wa chipatala, akumukankhira cholembera. Anali bambo wa malaya ositidwa mpaka kuthwa, wolankhula ngati nthawi zonse pali galimoto imene ikumudikira panja. "Ndi fomalite chabe. Lolemba lipotili likhale litafika kukhonsolo."

Nkhani yake inali iyi. Eni chipatala chaching'ono cha m'deralo anaganiza zotseka wodi yogonamo amayi ndi ana, kuti azingoona odwala masana, ofunika bedi n'kumawatumiza ku Boma. Koma khonsolo inati wodi satseka ngati golosale, ayambe afunsa anthu. Msonkhano unaitanidwa pa 15 Meyi m'holo ya sukulu, ndipo tsikulo chiperoni chinatsika m'phiri kuyambira m'mawa. Enifa, amene anali atakhala mlembi wa komiti ya anthu a m'mudzi yoona za chipatala kwa zaka zisanu ndi zinayi, anawerenga mitu yekha: anthu 17. Khumi ndi mmodzi anakana, anayi anavomera, awiri anangolowa kudzausa mvula.

Lipoti limene linali patsogolo pake linkanena kuti anabwera anthu 163, ndipo onse anavomera. Chimene chinatsala chinali dzanja la mlembi wa komiti lotsimikiza kuti zinaterodi. Likangofika kukhonsolo, wodi yapita, ndipo mwana wake Tamanda, amene anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, adzayenera kukwera kabaza makilomita onsewo matenda atamuyamba.

"A Austin, anthu onsewa anakhala pati? Holo ija ili ndi mabenchi asanu ndi atatu."

"Ena tinawapeza pambuyo, mayi. Folo-apu. Munthu sangabwere pamvula koma maganizo ali nawo."

"Munawapeza kuti?"

"M'midzi, m'misika, kulikonse."

Enifa anayang'ananso nambala 58. Jailosi anali kalipentala, ndipo moyo wake wonse ankasaina ndi zilembo ziwiri zikuluzikulu, J ndi M, monga ankachitira pathabwa ndi pensulo. Akanatha kuloza dzinalo pomwepo, koma anadziwa kuti munthu wamalaya akuthwa ngati uyu angonena kuti pepani, n'kufufuta mzere umodzi, ena 162 n'kupita kukhonsolo ali chilili.

"Magalasi ndaiwala kunyumba," anatero, magalasiwo ali m'chikwama. "Ndikawerengere komweko."

"Aa, mayi, dokumenti imeneyi situlutsa."

Koma lipoti linali litalowa kale m'chikwama, ndipo kulanda chikwama cha mayi wamasiye pakhonde la chipatala, anthu akuona, sikunali m'gulu la ntchito za Austin. Linali Lachitatu.

* * *

Anayambira pafupi. Nambala 12 anali a Alufeyo, telala wa pamsika wa Thuchila komanso mkulu wa mpingo, munthu amene sankatha kukuyeza m'chiuno osakupatsako vesi.

"Amake Tamanda! Ambuye ndi abwino. Mukupezako mphamvu?"

"Pang'onopang'ono, bambo. Ndabwera ndi kafunso. Alemba dzina lanu kuti munali kumsonkhano wa wodi uja."

Enifa ankayembekezera moto. A Alufeyo anakasumapo kwa abusa chifukwa dzina lawo linalembedwa molakwika papulogalamu ya ukwati wa eni ake. Koma phazi lawo linangoima pamakina. Anatenga pepalalo, n'kuyamba kutsika ndi chala, osati pa dzina lawo lokha, koma mayina onse, mmodzimmodzi. Pofika pansi pa tsamba loyamba, anayankha osadzutsa mutu.

"Inde. Ndinalipo."

"Sindinakuoneni."

"Ndinakhala kumbuyo. Wodzichepetsa amakhala kumbuyo, mayi."

"Kumbuyo kumadontha. Tonse tinaunjikana kutsogolo."

"Ngati dzina langa lili pamenepo, ndiye kuti ndinalipo. Kodi mwabwera kudzandiyesa wabodza pamalo anga a ntchito?"

"Chaka chatha munaimirira m'tchalitchi kunena kuti wotseka wodi ija adzayankha kumwamba."

"Munthu amasintha maganizo. Ngakhale Saulo anasintha."

Anabweza pepala lija ndi manja awiri, n'kuyambanso kupalasa makina opanda nsalu. Enifa atafika pakhomo, anamva mawu kumbuyo kwake, otsika kwambiri moti poyamba anayesa si a munthu yemweyo.

"Amake Tamanda. Pepala limenelo aliona anthu angati?"

Anatembenuka. Mkulu wa mpingo anali ndi mantha, ndipo amene ankamuopa sanali wolemba bodzayo ayi. Ankaopa iyeyo, Enifa.

* * *

Masana amenewo anakhala pakhonde ndi kope lake la komiti, n'kuyamba kusanja mayinawo potengera kwawo. Apa ndi pamene nkhani inayamba kununkha. A ku Thuchila analipo makumi asanu okha. Ena onse anali a ku Chitakale, a ku Likhubula, a ku Muloza, ndipo awiri anali a kutsidya kwa malire, ku Milanje. Munthu wa ku Chitakale akatsokomola mwamphamvu amamveka kuchipatala chachikulu cha ku Boma. Akadutse chimenecho, akwere minibasi, adzathire ndemanga za wodi ya ku Thuchila? Kapenatu anthu a ku Mulanje ayamba kukonda misonkhano kuposa mmene Enifa ankawadziwira.

Lachinayi anakwera minibasi yoyamba. Nambala 91, Janeti, anamupeza paesiteti ina ya tiyi nthawi yopuma masana, atakhala pansi pafupi ndi shedi ya sikelo, dengu lake atalitsamiritsa kumtengo. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, woseka asanamve nkhani. Anamulonjera m'chinenero cha kwawo.

"Mosheliwa, mayi! Eee, alendo a nsapato kumunda kuno? Khalani apa, musaope, dothi la kuno sililuma. Chinangwa ichi."

Enifa anafotokoza zimene anabwerera. Kuseka kuja kunapitirira, koma maso anasiya kuseka nawo.

"Msonkhano? Eya, ndinalipo ine. Ndinapita."

"Lachinayi, tsiku la ntchito? Kapitawo anakulolani?"

"Ndinanamizira mutu."

"Munali anthu angati?"

"Ambiritu! Mbwee, mpaka ena panja."

"Anatsegula ndi pemphero ndani?"

"Abusa. Aatali aja."

"Kunalibe abusa. Ndinapemphera ndine."

Janeti anatafuna chinangwa chake nthawi yaitali. Kenako anatulutsa m'nsalu kabotolo koyera ka pulasitiki, kopanda chizindikiro, n'kuthira mchere pachikhatho, n'kumupatsirako mlendo.

"Ndioneko chala chanu chachikulu," anatero Enifa.

Chala cha munthu wothyola tiyi sichibisika. Chinali chakuda, chong'ambikang'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe, ndi mzere wakuya pamene tsinde la tsamba limadutsa kambirimbiri patsiku. Chidindo cha chala chimene chinali pa nambala 91 chinali chosalala, chozungulira bwino, cha munthu amene chinthu cholemera chimene amanyamula ndi foni.

"Ichi si chala chanu."

"Ndi changa. Tsiku limenelo ndinadzola mafuta."

"Achemwali, akufuna kutseka wodi ndi dzina lanu. Ine ndikungofuna munthu mmodzi wamoyo woti akaime kukhonsolo anene kuti sanasaine."

"Ndiye akandifunsa kuti nanga dzina lako analipeza kuti? Ndidzati chani ine?" Mawu aakulu aja anali atachepa. "Mayi, zisiyeni. Wodi ndi nyumba, angathe kumanga ina. Ine ndili ndi apongozi, ndili ndi anzanga awa akutiyang'anawa. Pakamwa pa anthu palibe chitseko."

Chitsulo chinalira kushedi. Janeti anadzuka, n'kukoleka dengu kumsana. Pomanga lamba wake anayang'ana pepala limene linali pamiyendo pa Enifa, pamene panali dzina la mlembi.

"Muheya? Ndinu akazi awo a bambo aja a hamala? Ayi, pepani, tinamva mochedwa. Munthu wabwino uja. Benchi yathu inkagwedera, anaikhoma osauzidwa ndi munthu."

"Benchi yanu iti? Munawadziwira kuti amuna anga?"

Koma Janeti anali atalowa kale m'mizere ya tiyi, ndipo sanacheuke.

* * *

Ku Likhubula anafika ndi kabaza dzuwa litapendeka. Phiri linali litavala mtambo mpaka m'chiuno. Onyamula katundu wa alendo okwera phiri sapita mwachisawawa, amatsata mndandanda, wina akatsika wina n'kukwera, ndipo mndandandawo sabisa chifukwa aliyense amafuna aone kuti sanadumphidwe. Enifa anaupempha asanafunse za munthu. Nambala 130, Simon, anakwera ku Chambe ndi alendo atatu pa 14 Meyi, n'kutsika pa 16.

Anamupeza pamwala akusoka nsapato ndi waya. Anali wamtali, wa mapewa otakata ngati chitseko.

"Msonkhano wa wodi? Yaa, mami, tinalipo. Zinayenda bwino kwambiri."

"Munatsika ku Chambe m'chiperoni, n'kufika ku Thuchila, n'kukweranso alendo anu asanadziwe?"

Simon anamuyang'ana, kenako anaseka mpaka kugwetsa nsapato.

"Mwayamba mwaona mndandanda! Mami, inu mukanakhala apolisi bwenzi tonse tili ku Chichiri."

"Ndiye simunalipo."

"Pano, pa awirife, sindinalipo. Holo yakeyo sindikuidziwa n'komwe. Koma mukanditengera kwa mabwana, ndinalipo, ndinakhala kutsogolo, ndinaombanso m'manja."

"Chifukwa chiyani? Wakuopsezani ndani?"

"Palibe. Ndiye kuchenjera kwake kumeneko, safunika kuopseza munthu." Anatola nsapato ija n'kuitembenuza. "Ine ndikukwatira mu Okutobala. Mkaziyo akudziwa zonse, tinapita limodzi. Koma amake sadziwa. Anzangawa sadziwa, ndipo akadziwa ayamba kunong'oneza alendo kuti uyu musamutenge, akakufookerani panjira. Ine amene ndimafika ku Chambe iwo akadali pamtsinje! N'chifukwa chake ndimadutsa zipatala ziwiri kupita kwanu kuja, kumene kulibe wondidziwa."

"Sadziwa chiyani?"

"Mami, inu ndinu a komiti. Anthu onse ali papepalapo amakumanadi kuchipatala kwanu, zimenezo si zabodza. Kungoti si Lachinayi." Anabaya waya m'chikopa. "Ndi Lachiwiri."

Enifa ankadziwa chimene chimachitika Lachiwiri. Anali atakhala pamisonkhano yokambirana za khomo lakuseri lija, lobisika ndi mpanda wa maluwa, limene anthu amalandirirako ma ARV. Iye mwini ndi amene anapempha kuti mpandawo autalikitse.

Anathokoza, n'kukwera kabaza. Njira yonse ankawerenga mitengo ya magetsi, ndipo nambala 58 sanailole kulowa m'mutu.

* * *

Inalowa yokha Lachisanu m'mawa, akusesa.

Bokosi la zida la Jailosi linali kuseri kwa chitseko pamene analisiya. Abale ake pogawana katundu anatenga njinga ndi jekete, bokosi n'kulisiyira mdzukulu amene adzabadwe. Enifa anali asanalitsegulepo. Anaika tsache pansi, n'kugwada.

Pamwamba panali hamala, tepi yoyezera, pensulo yolumidwa. Pansi pake panali timabotolo toyera ta pulasitiki, tondandalikidwa bwino, zizindikiro zake zitapalidwa ndi mpeni. Aka ka misomali ya inchi imodzi, aka ka inchi ziwiri, aka ka masikuluwu. Anali atationa kambirimbiri. Tsiku lina anamufunsapo, ndipo Jailosi anati amatola kuchipatala akapita kukakonza zitseko, anthu amangotaya zinthu zabwinobwino. Enifa anamuyamikira kuti ndi munthu wosamala.

Anatigwedeza kamodzikamodzi. Tonse tinkalira chitsulo. Kotsiriza, kamene kanali pakona katakulungidwa m'sanza ya vanishi, kanalira mosiyana.

Anatsegula. Munali mapiritsi, atatha theka.

Anakhala pansi pomwepo, miyendo atatambasula. Panja nkhuku zinkakanganirana madeya, mwana wa aneba ankalira kukana kusamba. Anayembekezera misozi, koma sinabwere. Chimene chinabwera chinali chinthu chaching'ono chopusa: anakumbukira kuti zitseko za chipatala zinkaonongeka Lachiwiri lokhalokha, ndipo iye, mlembi wa komiti, wodziwa kuwerenga mitu ya anthu m'holo, sanadabwepo. Munthu wonyamula hamala safunsidwa chimene akufuna kuchipatala.

Anabweza kabotoloko m'sanza yake, n'kukaika m'chikwama pamodzi ndi lipoti.

* * *

Austin anamulandira ndi mano onse.

"Magalasi anapezeka, mayi sekilitale?"

Enifa anatseka chitseko cha ofesi, n'kukhala asanauzidwe.

"Mayina awa munakopera m'buku la Lachiwiri."

Mano aja anabisala. Austin anayang'ana pawindo, kenako pachitseko.

"Sindikudziwa zimene mukunena."

"Nambala 130 anali ku Chambe tsiku la msonkhano, mndandanda wa ku Likhubula ukunena. Nambala 91 amathyola tiyi, chala chake chili ndi ming'alu, ndipo chidindo chili apachi chilibe. Mwina tiyerekeze ndi chanu? Inki muli nayo m'dirowamo."

Austin analowetsa manja pansi pa tebulo. Atalankhulanso, changu chija chinali chitatha, m'malo mwake munabwera ulemu wozizira.

"Tiyerekeze kuti ndi zoona. Mukatani nazo? Mabwana anandiuza kuti anthu 17 si konsoteshoni, ndipeze opitirira handiredi pofika Lolemba. Ine ndili ndi ana, mayi. Ndinayang'ana mabuku onse a muno. La sikelo ya ana, amayi ake ndi olongolola, akanabwera kudzatukwana. La Lachiwiri ndi lokhalo limene eni mayina sangatsegule pakamwa. Mwawayendera, eti? Ndi angati avomera kukaima kukhonsolo?"

Austin anadziyankha yekha.

"Palibe. Ndipo inu mukakanena kumene mayinawa achokera, mwaulula anthu 163 tsiku limodzi. Aphunzitsi alimo, akulu a mpingo alimo, akazi a eni ake alimo. Maukwati adzatha ndi pakamwa panu, osati panga. Sainani, mayi. Wodi itsekedwe, anthu asungike."

Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo uyu anali atasankha mkhate waukulu ndithu. Enifa anaona kuti bamboyo wakhala akudziuza mawu amenewa kwa milungu yambiri mpaka kuwakhulupirira, moti mumtima mwake ankadziona ngati mlonda wa zinsinsi za anthu. Anatsegula lipoti, n'kulitembenuzira kwa iye, chala chili pa nambala 58.

"Werengani."

"Jailosi Muheya." Anaima. Anayang'ana dzina la mlembi pansi pa tsamba, kenako nkhope ya mayiyo. "Ndi achibale?"

"Amuna anga. Anamwalira pa 7 Malichi. Inu munali kutchuthi, munatumiza uthenga wopepesa kudzera kwa asisita."

"Koma m'buku mwathu..." Austin anachotsa maso patsambalo. "M'buku mwathu sanamwalire. Analembedwa kuti anadumpha tsiku lawo. Imfa timauzidwa ndi wachibale amene wodwalayo anamulembetsa kuti ndi womuthandiza. Ine ndinkangokopera mizere, mayi, sindinkayang'ana kuti uyu ndi ndani."

"Mvetserani. Sindikufuna anthu 163. Ndikufuna mmodzi, ndipo ameneyo sangachitenso manyazi. Lolemba ndikaima kukhonsolo ndi kalata ya imfa yake, ndikafunsa funso limodzi lokha: munthu wa m'manda anasaina bwanji? Za buku la Lachiwiri sindikatchula. Adzakufunsani inu kumene munapeza dzinali. Mukanena zoona, ndinu amene mwatulutsa zinsinsi za odwala, ndipo apolisi adzakhala anthu achifundo kuyerekeza ndi eni mayinawo. Mukanama, mwapeka siginecha ya malemu. Mabwana anu aja adzati sakukudziwani. Musankhe nokha."

"Anthu adzayamba kufunsa za bambo. Adzalumikiza. Adzakulozani inunso."

"Za Jailosi ndi zanga. Za enawa si zanu, si zanganso."

Panja wina ankakankha machira olira mawilo. Austin anatulutsa manja pansi pa tebulo. Chala chake chachikulu chinali chosalala, ndipo m'mphepete mwa chikhadabo munali mukadali kamzere ka buluu.

"Mukufuna nditani?"

"Lembani lipoti lina pompano. Anthu 17, okana khumi ndi mmodzi. Mayina ndili nawo m'kope langa. Limenelo ndisaina, ndipo kukhonsolo ndikapereka ndekha. Ili tikaliotcha kung'anjo ya zinyalala, inu ndi ine, ndi la m'kompyuta lomwe mufufute ndikuona."

"Andichotsa ntchito."

"Mwina. Mwinanso aitanitsa msonkhano wina tsiku lopanda mvula, anthu n'kuvomera okha kuti wodi itsekedwe. Zimenezo zidzakhala zawo."

Zinatenga ola limodzi. Austin analemba ndi zala ziwiri, akupukuta thukuta ngakhale kunja kunkazizira. Kenako anayenda limodzi kuseri kwa chipatala ngati anthu opita kukaona munda, ndipo masamba asanu ndi limodzi aja anapsa msanga pamodzi ndi mathonje akale. Enifa anaima mpaka tsamba lomaliza linasanduka phulusa. Wodi inali itapulumuka, mwina mpaka Tamanda adzachire, ndipo iye sanamve kukoma kulikonse.

"Ndifunseko chimodzi," anatero Enifa, osamuyang'ana Austin. "Anayamba liti?"

"Mayi, zimenezo sitiloledwa..."

Enifa anatembenuka n'kumuyang'ana. Austin anazindikira yekha mmene mawuwo anamvekera kuchokera pakamwa pake.

"Nambala yawo inali ya akalekale. Zaka zisanu ndi chimodzi, kapena kuposa."

"Womuthandiza analemba ndani?"

"Malo amenewo anali opanda kanthu."

Zaka zisanu ndi chimodzi. Pamenepo ndi pamene chinachake chinasuntha m'chifuwa mwa Enifa, ndipo sichinali chisoni chokha. Anakwiya. Anamukwiyira Jailosi ndi mkwiyo umene sanamukwiyirepo ali moyo, chifukwa chogona naye mphasa imodzi zaka zonsezo atatseka pakamwa, n'kumusiya aziyenda osadziwa chimene chili m'magazi mwake. Ndipo mkati mwa mkwiyo womwewo anamumvera chisoni munthu wopusayo, womwera mankhwala kuseri kwa chitseko, amene anaona kuti n'kosavuta kukhomera benchi anthu osawadziwa kusiyana ndi kuuza mkazi wake za matenda ake. Akanamuuza, akanalira, akanatukwana, mwina akanapita kwawo mwezi umodzi. Koma akanabwerera. Chimenecho Jailosi anafa osachidziwa, ndipo panalibenso pokamuuzira.

Austin anali atachoka. Enifa anakonza mpango wake, n'kuzungulira mpanda wa maluwa uja. Kuyezetsa magazi sikudikira Lachiwiri, ankadziwa bwino, pakuti chikwangwani chonena zimenezo anachivomereza yekha pakomiti.

M'chipindamo munali Kondie, namwino amene Enifa anamuphunzitsapo Sande sukulu. Atamuona anadzuka msangamsanga, akubisa kapu ya tiyi kuseri kwa mafayilo.

"Mayi sekilitale! Sanatiuze kuti komiti ikuyendera lero."

"Komiti sinabwere," anatero Enifa. Anakhala pampando wa odwala, n'kuika chikwama pansi. "Tseka chitseko, mwanawe."

Kondie anayang'ana nkhope yake, n'kutseka. Enifa anatambasula dzanja patebulo.